Nambala Yofiira Pakhoma

4 Marichi

Amake Kamphepo,

Landirani moni wanga, inu ndi mwana. Ine kuno ndili bwino, kupatula kachifuwa kaja kamene kamabwera tikamapaka penti m'nyumba zotseka mawindo. Kaya inu kumeneko? Mwendo wa amayi ukuti bwanji? Nanga Kamphepo, akungothamangabe osakhala pansi?

Nkhani yaikulu ndi yakuti ndasamuka. Chipinda chija tinkagonamo amuna asanu ndi atatu ndachisiya. Zimene zinachitika kumeneko si za m'kalata, ndidzakuuzani pamaso. Tsopano ndili ndi chipinda changachanga, ndipo ndachipezera inu. Zaka zisanu ndi chimodzi, mkazi uko mwamuna kuno, zakwana. Mukamaliza kukolola mubwere ndi mwana, tikhale pamodzi ngati anthu.

Koma musayembekezere tauni ija mumaiona pa kalendala. Basi imathera pamlatho. Ukatsika umadutsa pansi pa njanji, n'kutsata mpanda wa fakitale ya sopo imene inatsekedwa kalekale, ndipo mpandawo ukangotha, nyumba mbwee, zovala pazingwe, azimayi pampopi. Ine ndakhala mumzinda uno zaka zonsezi osadziwa kuti kuseri kwa mpanda umene uja kuli anthu. Nditawauza a kapitawo kuntchito, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Kumene kuja kumakhala anthu? Ine ndimayesa n'kotayako zinyalala." Ngakhale pa mapu a pasiteji ya basi malo athuwa anangowasiya oyera. Msewu wathu ulibe dzina. N'chifukwa chake lendi ndi yotsika, ntchito ya masiku asanu basi.

Chipindacho ndachiyeza ndi mapazi anga, khumi ndi awiri mulitali, khumi mulifupi. Chili ndi windo limodzi, chitseko cholimba, pansi pasimenti. Bedi lilowa, mphasa ya mwana ilowa, makina anu osokera akhala pansi pa windo. Mpopi uli nyumba zinayi kuchokera pano.

Eni nyumba ndi mayi amasiye, achikulire ndithu. Ankachapa zovala kuchipatala mpaka miyendo inatupa. Iwo amagona chipinda chinacho. Chiyankhulo chawo ndimangotolako apa ndi apo, ndiye timamvana ndi manja, koma m'mawa uliwonse ndimapeza ketulo ya madzi otentha pakhomo panga. Pakona pali wosoka nsapato amene amayankhula ngati ife. Wakhala kuno zaka makumi awiri. A dalaivala aja amatinyamulira makalata azisiya anuwo kwa iyeyo.

Chondinyansa n'chimodzi. Pakhoma lakutsogolo wina analemba nambala ndi penti yofiira, chinambala chachikulu, chopindika, penti ikuyenderera mpaka pansi. Nyumba zonse kuno n'chimodzimodzi. Amene anagwira bulashi imeneyo akanakhala wanga, ndikanamuthamangitsa tsiku lomwelo. Poti mwati Kamphepo wayamba kulemba manambala kusukulu, mumuuze kuti nyumba yake yatsopano ndi 2619. Aloweze, asadzasochere.

Ndatumiza ndalama. Mugule mankhwala a amayi ndi sopo. Za denga mwanenazo zidikire. Tigulirenji malata pamene nyumba tikuisiya? Ikani beseni pamene pakudonthapo.

Ine mwamuna wanu,
Bambo a Kamphepo

26 Marichi

Amake Kamphepo,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndasangalala kumva kuti nonse muli bwino. Nanenso ndilipo, chifuwa chachepa.

Mwafunsa za sukulu. Ilipo, kutsidya kwa njanji, ndakaiona ndekha. Mwafunsanso ngati kuli akuba. Akuba ali paliponse, koma kuno sabwera, nawonso sadziwa kuti kuli anthu.

Tsono izi mwandilemberazi, zoti Kamphepo wadetsa khoma lonse lakuseri ndi makala, sizinandisangalatse. Mwana wa wopaka penti? Anthu atiseka. Mumukalipire, ndipo pa ndalama ndatumizazi mugule laimu thumba limodzi, mupake kawiri. Musathire madzi ambiri ngati mmene amachitira achimwene anu, imatuluka mizere.

Ine kuno sindinakhale chabe. Tinamaliza nyumba ina yosanja, ndipo a kapitawo anandipatsa penti yotsala, zitini ziwiri ndi theka, yoyera ngati mkaka. Chipinda chanu ndapaka chonse, mukadzalowa mudzavula nsapato nokha. Penti inatsalako. Mayi eni nyumba apita kwa mwana wawo milungu iwiri kukaonetsa miyendo, ndiye ndinati, mayi amenewa amandiwiritsira madzi tsiku ndi tsiku, ine ndiwathokoza bwanji? Lamulungu ndinadzuka m'mamawa n'kugwira khoma lakutsogolo.

Penti yofiira ndi yamakani, amake mwana. Ukangoipaka pamwamba, pakatha mwezi imatulukiranso ngati magazi pabandeji. Ndiye ndinayamba ndaipala ndi bulashi ya waya mpaka simenti inaoneka, ndinakwecha ndi sandipepa, ndinatsuka, kenako penti yapansi, kenako yapamwamba kawiri. Ngakhale mutabwera ndi magalasi a dokotala simungadziwe kuti panali nambala. Mumsewu monse muno nyumba ndi imeneyi.

Anthu anasonkhana kudzaona. Mayi wina wogulitsa tomato anachita kusiya tomato wake, n'kumaloza khoma, n'kumayankhula mokweza, manja kumutu. Ndinaona kuti nayenso akufuna. Ndinamuuza ndi manja kuti adikire, yake ndidzapaka mwezi wamawa, mtengo tidzagwirizana. Wosoka nsapato kulibe, anapita kumaliro a m'bale wake, akanakhalapo akanandimasulira. Mwina kuno ndipezako timaganyu ta Lamulungu.

Lachitatu sindinapite kuntchito. Pamlatho panali anthu ena akufunsa mapepala, ndiye ndinangobwerera. Si nkhani, musaike kumtima.

Mbuzi ziwiri zija muyambe kufunsira ogula, koma musathamangire. Wamkaziyo musagulitse kwa munthu wa pamsika, amayamba ndi kunyoza.

Ine wanu,
Bambo a Kamphepo

13 Epulo

Amake Kamphepo,

Moni nonse. Ine ndili bwino. Ndikulemba mothamanga, a dalaivala aliza kale injini.

Mayi eni nyumba anabwera. Pentiyo sanaikonde. Anafika ndi kachikwama kawo, anaima mumsewu, anayang'ana khoma nthawi yaitali, kenako anakhala pansi pomwepo pafumbi. Pali kankhani kakang'ono ka khomali, ndikukakonza.

Ndikupempheni chinthu chimodzi. Kalata yanga yoyamba ija, ya pa 4 Marichi, muiike mu envulopu muwapatse a dalaivala abwere nayo ulendo uno. Muli kanthu kamene ndikufuna ndionemo. Musaiwale, ndipo musadikire ulendo wina.

Mbuzi muyambe mwaleka kugulitsa. Anthu musawauze tsiku lonyamuka.

Mwati laimu munagula ndipo khoma mwapaka kawiri. Mwachita bwino.

Ndine,
Bambo a Kamphepo

2 Meyi

Amake Kamphepo,

Ndikhulupirira muli bwino, inu, mwana ndi amayi. Ine m'thupi ndili bwino.

Nditawerenga kuti mvula ija inalowa m'katoni ya makalata, inki yonse n'kusungunuka, ndinapsa mtima. Ndinakulemberani kalata yoipa, koma ndaing'amba. Amene ananena kuti denga lidikire ndine. Inu munaika beseni pamene ndinakuuzani, mvula inasankha pena.

Tsopano ndikuuzeni zonse, chifukwa kubisa kwandikwana. Nambala yofiira ija sinali zolembalemba za anthu osowa chochita. Wosoka nsapato atabwera kumaliro anandikhazika pabenchi pake n'kundifunsa kuti, "Achimwene, musanagwire khoma la eni, munafunsa ndani?" Ndinati sindinafunse munthu. Anati, "Ndiye tamverani."

Malo ano anthu anangomangapo okha, pa mapepala a khonsolo palibe. Zaka zitatu zapitazo a khonsolo anabwera kudzawerenga nyumba. Iliyonse anailemba nambala pakhoma, n'kulemba nambala yomweyo ndi dzina la mwini wake m'buku lawo. Ananena kuti nyumba zowerengedwazo zikhala, adzazipatsa madzi ndi mapepala, koma iliyonse imene adzaipeze yopanda nambala ndiye kuti yamangidwa pambuyo, adzaigumula. Akubweranso pa 30 mwezi uno. Anthu kuno nambala imeneyi amaisamala kuposa chitseko. Ena anaikhomera kachidutswa ka lata pamwamba kuti mvula isaifufute. Ine ndinkadutsa n'kumaseka kuti kadenga kameneka n'kachiyani. Mayi wa tomato uja sankafunsa mtengo, ankandiletsa.

Mayi eni nyumba sadziwa kuwerenga. Nambala yawo ankaidziwa ndi maso, osati ndi pakamwa. Kapepala kamene anawapatsa kanapita ndi madzi osefukira chaka chatha. Oyandikana nawo aliyense amadziwa yake. Ndinayesa kuwerengera kuchokera kwa aneba, koma olembawo anali magulu atatu, aliyense kuyambira kwake: kumanja kwathu ndi 811, kumanzere ndi 3040. Ine ndikukumbuka kuti inkayamba ndi 2 ndipo penapake panali 9. Ndimaiona m'maso mmene penti inkayendererera, koma manambalawo ayi. Ndinkayang'ana ntchito yoipayo, osati zimene inkanena.

Ndapala khoma ndi lezala masiku atatu kufunafuna nambalayo. Palibe ngakhale kadontho. Ntchito yanga ndi yabwino, amake mwana, ndiyo yandipha.

Wosoka nsapato anapita ku ofesi m'malo mwanga, poti za mapepala anga mukuzidziwa. Kalaliki anamuuza kuti bukulo limayenda ndi manambala, osati mayina, ndipo nyumba ndi zikwi zinayi, iye alibe nthawi yofufuza mayi mmodzi. Anati, "Bwerani ndi nambala, ndikutsegulirani tsamba." Ndinati bwanji ndingolemba iliyonse yoyamba ndi 2. Wosoka nsapato anakana. Akuti wina anayesapo, a khonsolo atayerekeza ndi buku anapeza kuti ndi ya munthu wina, nyumba yake inagwa tsiku lomwelo.

Nambalayo ndinailemba malo amodzi okha padziko lapansi, m'kalata ija, pouza Kamphepo. N'chifukwa chake ndinkaifuna. Ndinachita manyazi kukuuzani.

Mayiwa sanandithamangitse, sanandinene. Angosiya kuika ketulo pakhomo. Dzulo ndinawaona akulongedza mapoto m'thumba, amodzi amodzi, akuwapukuta kaye. Nyumbayi anamanga ndi malemu amuna awo, ndipo alibe kwina koti n'kukakhalitsa, kwa mwana wawo ndi chipinda chimodzi. Zikundipweteka kwambiri. Ndinabwera kudzapeza pokhala ife, ndawagwetsera nyumba eni ake.

Musabwere. Mbeu musunge, dimba mulime. Ndatumiza zochepa, masiku atatu opala khoma aja a kapitawo anadula. Mugule lata limodzi, muike pamene pali katoni.

Ine mwamuna wanu,
Bambo a Kamphepo

21 Meyi

Amake Kamphepo,

Moni. Ndili bwino, ndipo lero ndadya ngati munthu.

A dalaivala anafika masana, anachedwa masiku asanu ndi limodzi chifukwa galimoto inawafera panjira. Ine ndinali nditasiya kupita pakona kukafunsa. Wosoka nsapato anachita kubwera yekha, nsapato ya munthu ili m'manja, n'kunena kuti, "Achimwene, envulopu iyi ndi yolemera, tsegulani ndili pompano."

Ndiye eti laimu simunagule. Munandinamiza. Ndalama ya laimu munagulira mwana nsapato za paulendo, khoma lili mmene linalili, ndipo zimene Kamphepo wakhala akulemba ndi makala kuyambira pansi mpaka pamene mkono wake umafika ndi nambala ya nyumba yake yatsopano, poti bambo ake anati aloweze. Mwati munawerenga malo makumi atatu ndi anayi, ponse 2619. Ndipo mwandifunsa kuti, "Tsono ndimukalipire liti, lero kapena mawa?" Funso limenelo ndalimva. Ndinu munthu woipa, amake mwana, ndipo ndikuthokoza.

Pepala la m'kope limene mwaikamo, limene walemba yekha, ndalilandira. 6 wake ndi wonenepa ngati achimwene anu. Ndinapita nalo kwa mayi eni nyumba, wosoka nsapato akumasulira. Analiyang'ana, analitembenuza, kenako anaika chala pa 9 n'kuchitsitsa pansi, mmene penti ija inkayendererera. Anati, "Ndi imeneyi." Pepalalo anakana kundibwezera, alimanga pansonga ya nsalu yawo.

Mawa tikupita ku ofesi ya khonsolo. Wosoka nsapato anati mayiwa apite ndi iyeyo, ine ndikhale. Koma kalaliki akafunsa kuti nambala inachoka bwanji pakhoma, ayankhe ndani? Ndinachotsa ndine. Komanso mayiwa sangafike pamlatho okha, pamafunika munthu wowagwira mkono ndi kuwanyamulira kampando. Pachipata cha ofesi amafunsa mapepala masiku ena, masiku ena safunsa. Ndasita malaya oyera aja munandisokera.

Mukaona kuti milungu itatu yatha osalandira kalata yanga, wosoka nsapato akulemberani. Ndamusiyira makiyi a chipinda, ndipo zida zanga zili pansi pa bedi. Amayi musawauze kanthu.

Ine wanu,
Bambo a Kamphepo

3 Juni

Amake Kamphepo,

Landirani moni kuchokera kwa ine mwini, osati kwa wosoka nsapato. Ndili bwino. Kaya inu, mwana ndi amayi?

Tinafika ku ofesi m'mawa, tinaitanidwa dzuwa litapendeka. Pachipata mlonda anayang'ana miyendo ya mayiwa, anayang'ana kampando kali m'manja mwanga, n'kutikodola kuti tidutse. Mtima wanga unabwerera m'malo titakhala kale pabenchi.

Kalaliki anatenga pepala la Kamphepo ndi zala ziwiri. Anafunsa kuti walemba ndani. Wosoka nsapato anati mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amene nyumbayo sanaioneko. Kalaliki sanaseke. Anatulutsa chibuku, ananyowetsa chala, anatsegula, anatsegula, n'kuima. Anatchula dzina la malemu amuna awo a mayiwa. Mayiwa anayankha ngati akuitanidwa m'kalasi. Kenako kalalikiyo anafunsa za nambala ya pakhoma, ine n'kuimirira. Ndinati ndinafufuta ndine, ndinkayesa ndikukongoletsa.

Anati, "Inu ndinu ndani?"

Ndinati, "Wopaka penti, bwana."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anadinda kapepala n'kunena kuti, "Ndiye mukalembe nokha. Ife penti inatithera chaka chatha."

Ndinagula kachitini kofiira ndi ndalama yanga. Ndinayeza ndi lula, ndinajambula ndi pensulo, ndinalemba manambala anayi oongoka bwino, oti ngakhale pa banki angakhale. Msewu wonse unabwera kudzaona, ndipo ulendo uno ndinali ndi womasulira. Mayi wa tomato anati ayi. Akuti nambala yokongola chonchi owerenga aiona kuti si yawo, ayamba mafunso. Mayi eni nyumba anavomereza. Ndiye ndinafufuta, ndinaviika bulashi mpaka m'khosi, n'kulemba ndi dzanja lamanzere, mopindika, penti ikuyenderera pakhoma langa loyera, ine ndikungoyang'ana osaipukuta. Zaka khumi ndi zisanu ndili pantchito imeneyi, sindinagwirepo ntchito yowawa chonchi. Anthu anaomba m'manja.

Owerenga anabwera pa 30. Anayang'ana khoma, anayang'ana buku ndi kapepala kodinda, anachonga, anapita. Sanathe ngakhale mphindi imodzi. Kumapeto kwa msewu nyumba ziwiri zinagwa. Za zimenezo ndidzakuuzani pamaso.

Mawa lake ndinapeza ketulo pakhomo. Koma bulashi ya waya mayiwa andilanda, ili m'chipinda mwawo, akuti ndikaifuna ndizipempha ndi kunena kumene ndikupita nayo. Mapoto abwerera pashelefu. Auza wosoka nsapato kuti andiuze kuti akufuna kuona mwana amene analemba pepala lija, ndipo khoma la m'khonde, kuyambira pansi mpaka m'chiuno, ndi lake, azilembapo zimene akufuna. Ine sanandifunse maganizo.

Tsono gulitsani mbuzi. A dalaivala anyamuka kumeneko pa 20, ndalankhula nawo, makina osokera akwera kumbuyo, muwakulunge ndi bulangete. Mukatsike pamlatho, mudzandipeza nditaima. Mwana avale nsapato zake za laimu zija, kuno kuli magalasi osweka m'njira.

Achimwene anu mwati akufuna kukhala m'nyumba mwathu tikachoka. Akhale, denga akonze. Koma muwauze mawu awa mmene ndalemberamu: khoma lakuseri asalikhudze. Asapake laimu, asatsuke, asatsamiritsepo njinga. Pamwamba pake akhomepo lata, mvula isafike.

Ine mwamuna wanu,
Bambo a Kamphepo
Nyumba 2619